Voti imodzi ya ku Raleigh: mmene Stanford, California ndi SMU zinalowera mu ligi ya ACC

Pa 1 September 2023 m'mawa, atsogoleri a mayunivesite 15 a mu ligi ya Atlantic Coast Conference, yomwe anthu amangoti ACC, anavota kuti alandire mamembala atatu atsopano. Awiri anali a kufupi ndi San Francisco, omwe ndi Stanford ndi University of California ya ku Berkeley, yodziwika kuti Cal. Wachitatu anali Southern Methodist University ya ku Dallas, SMU mwachidule. Ovomera anali 12, okana anali atatu. Malamulo a ligiyi amafuna kuti atatu mwa anayi aliwonse avomere, ndiye kuti pa anthu 15 pamafunika 12 omwewo, osaperewera ndi mmodzi yemwe. Masabata atatu m'mbuyomo ovomera anali 11 ndipo nkhaniyi inkaoneka ngati yafa. M'masabata atatuwo masukuluwa sanawonjezere luso pabwalo, sanasinthenso kalikonse m'kalasi. Chinasintha ndi pepala la kagawidwe ka ndalama.

Ine ntchito yanga ndi ya bajeti ndi maulendo a matimu mu dipatimenti ya zamasewera pa yunivesite ina kuno ku America, yomwe sili mu ACC. Mphekesera yosamuka ligi ikangomveka, mafunso amafikira pa desiki ngati yanga: tilandira zingati, tiwononga zingati pa ndege, ana ajomba masiku angati. N'chifukwa chake nkhani ya ACC ndinaitsatira mwachidwi, ndipo ndimaigwiritsa ntchito pofotokozera anzanga atsopano mmene ligi imasankhira woti alowe.

Kwathu timu imalowa mu Super League ikapambana mu ligi ya m'chigawo, ndipo ikakhala kunsi kwa tebulo imatsika. M'masewera a mayunivesite a ku America mulibe zimenezo. Ligi ndi gulu la masukulu omwe agwirizana kusewera okhaokha ndi kugulitsa pamodzi ufulu woonetsa masewera awo pa kanema, kenako n'kugawana ndalamazo. Timu itha kugonja chaka ndi chaka osatulutsidwa, ina n'kupambana chaka ndi chaka osaitanidwa. Ndalama zambiri za kanemazo zimachokera ku mpira wachimereka, uja osewera amavala zisoti. Basketball imathandiza pang'ono. Masewera ena onse, kuyambira kusambira mpaka tenisi, amadyera m'mbale ya mpira umenewu.

Ovota si makochi, si akuluakulu a zamasewera ayi. Amavota ndi mapulezidenti kapena machansala a mayunivesite, anthu omwe ambiri mwa iwo anakwera kudzera m'kafukufuku ndi kuphunzitsa. Kumbuyo kwawo kuli mabodi oyang'anira masukuluwo, ndipo ngati yunivesiteyo ndi ya boma, andale a m'dera limenelo nawonso amakhala ndi mawu. Kampani ya kanema ilibe voti, koma palibe amavota asanaifunse kuti ipereka zingati.

Mmene masukulu anayi anatsalira padzuwa

Mu July 2021 zinadziwika kuti mayunivesite a Texas ndi Oklahoma akuchoka mu ligi ya Big 12 kupita ku ligi ina yaikulu, ya SEC. Masukulu omwe anatsala mu Big 12 anali ndi mantha ndipo ena anayang'ana kumadzulo, ku ligi ya Pac-12, momwe munali Stanford ndi Cal. Mu August chaka chomwecho Pac-12 inalengeza kuti sikufuna kuwonjezera mamembala. Pasanathe chaka, pa 30 June 2022, USC ndi UCLA, masukulu awiri a Pac-12 a mu Los Angeles, analengeza kuti akupita ku ligi ya Big Ten. Mu August 2022 Big Ten inasaina mgwirizano wa zaka 7 ndi makampani a kanema a Fox, CBS ndi NBC wa madola oposa 7 biliyoni. Big 12, yomwe anthu ankati yatha, inathamangira kwa makampani a kanema a ESPN ndi Fox mu October n'kupeza ndalama zokwana pafupifupi madola 31.7 miliyoni pa sukulu pachaka.

Pac-12 inatsala m'mbuyo, ikuyembekezera mtengo wabwino womwe sunabwere. Colorado inatopa n'kuvota pa 27 July 2023 kuti ibwerere ku Big 12. Komishonala wa Pac-12 George Kliavkoff atabwera ndi ganizo la Apple, loti masewera azionetsedwa pa intaneti, ndalama yotsimikizika inali pakati pa madola 23 ndi 25 miliyoni pa sukulu, ina yonse idalire kuchuluka kwa olembetsa. Pa 4 August, tsiku limodzi, Oregon ndi Washington zinapita ku Big Ten, pomwe Arizona, Arizona State ndi Utah zinapita ku Big 12. Panatsala Stanford, Cal, Oregon State ndi Washington State.

Masukulu anayiwa ndi amene amasonyeza bwino chomwe ligi imayang'ana. Pa mpira wachimereka, mu 2022 Oregon State inapambana masewera 10 n'kugonja atatu, ndipo pomaliza inakwapula Florida 30 kwa 3 ku Las Vegas. Chaka chomwecho Stanford inapambana atatu okha pa 12, Cal anayi. Oregon State inali itangomaliza kukonza bwalo lake la Reser ndi madola oposa 160 miliyoni, ilinso ndi zikho zitatu za dziko lonse za baseball, za 2006, 2007 ndi 2018. Koma ili ku Corvallis, tauni ya anthu pafupifupi 60,000, ndipo Washington State ili ku Pullman, pakati pa minda ya tirigu, komwe anthu ake sakwana n'komwe 40,000. Palibe ligi yaikulu inawaimbira foni.

Wina anganene kuti ndiye chinapulumutsa Stanford ndi Cal ndi maphunziro. Pang'ono n'zoona, koma taonani zomwe Big Ten inachita. Ligi imeneyi imadzitama kuti mamembala ake ali mu Association of American Universities, gulu la mayunivesite otsogola pa kafukufuku lomwe linayamba mu 1900. Nebraska inali m'gululi pomwe inkaitanidwa mu 2010, ndipo inachotsedwamo mu April 2011, miyezi yochepa isanayambe kusewera mu Big Ten. Stanford ndi Cal zili m'gulu la omwe anayambitsa bungwe lomwelo. Komabe Big Ten inatenga Oregon ndi Washington n'kusiya awiriwa, chifukwa panalibe kampani ya kanema yokonzeka kuwonjezera ndalama zowalipirira. Ngakhale Oregon ndi Washington zinalowa ndi gawo lopunguka, pafupifupi madola 30 miliyoni pachaka, loziwonjezeka ndi miliyoni imodzi chaka chilichonse. Mbiri ya maphunziro imachititsa kuti machansala amvetsere dzina lako likatchulidwa, koma voti imatsata zina.

Masamu a ACC

Nthawi imeneyi ACC nayo inali ndi mavuto ake m'nyumba. Maryland italengeza zochoka kupita ku Big Ten, mamembala otsala anasainirana mu 2013 chikalata chopereka ufulu wonse wa kanema wa masewera awo apakhomo m'manja mwa ligi. Mu 2016 anachiwonjezera mpaka 2036 kuti ESPN ivomere kutsegula kanema ya ligiyi ya ACC Network, yomwe inayamba mu 2019. Tanthauzo lake n'lakuti sukulu itha kuchoka, koma ndalama za kanema za masewera ake zitsala. Chikalatachi chinateteza ligi, koma chinamanganso masukulu pa mtengo wakale pomwe anzawo ankasaina mitengo yatsopano. Florida State inkadandaula poyera kuti itsalira ndi madola pafupifupi 30 miliyoni pachaka poyerekeza ndi masukulu a Big Ten ndi SEC. Pa 2 August 2023 pulezidenti wake Richard McCullough anauza bodi yake, anthu onse akumva, kuti kagawidwe kakapanda kusintha aganizira zochoka.

Mu mgwirizano wa ESPN munali ndime imodzi yomwe inakhala chitseko cha nkhani yonseyi. Ligi ikawonjezera membala, ESPN iyenera kuwonjezera gawo lathunthu, lofanana ndi la mamembala akale. Masukulu atatu ndiye kuti magawo atatu, zomwe malipoti a nthawiyo ankati ndi madola pafupifupi 72 miliyoni pachaka. Ndimeyo sinkanena kuti ndalamazo zipite kwa olowawo. Apa ndiye panagona nkhani. Mlendo akatenga gawo lake lonse, eni nyumba sapeza kanthu koma amawonjezeredwa maulendo. Akavomera kutenga pang'ono, chotsalacho chimagawidwa kwa akale. Funso lomwe linali patebulo silinali lakuti Stanford ndi sukulu yabwino kapena ayi, popeza palibe ankatsutsa zimenezo. Linali lakuti asiya zingati.

Atawerengana koyamba chapakati pa August, okana anali anayi: Florida State, Clemson, North Carolina ndi NC State. Zifukwa zomwe zinkamveka poyera zinali za mtunda ndi zakuti ndalamazo sizikutseka mpata ndi Big Ten. Zonsezo n'zoona. Koma ndikaona mndandandawu ndimaonanso chifukwa china. Florida State, Clemson ndi North Carolina ndi masukulu omwe ligi zolemera zingawafune mawa. Kwa sukulu yomwe ikuyang'ana pakhomo, membala aliyense watsopano ndi voti ina yoti ligi ipitirire, ndipo ligi ikakula kuithetsa ndi mavoti kumavuta. Masukulu monga Wake Forest, Boston College ndi Syracuse, omwe akudziwa kuti ACC ikagwa alibe kolowera kwabwino, anali mbali inayo pa chifukwa chomwecho. Panalinso ndime ina yomwe malipoti ankaitchula, yopatsa ESPN mwayi wokambirananso mtengo ngati mamembala atsika kusakwana 15. Mamembala 18 ndiye kuti atatu atha kuchoka mgwirizano uli chilili.

Amene anakankha kwambiri ndi Notre Dame, ndipo izi zinakwiyitsa ena. Notre Dame ndi membala wa ACC pa masewera ambiri ndipo ili ndi voti yathunthu, koma timu yake ya mpira wachimereka sili mu ligi iliyonse, ili ndi mgwirizano wakewake ndi NBC. Mkulu wake wa zamasewera nthawiyo, Jack Swarbrick, ankanena poyera kuti n'zosamveka kusiya masukulu awiri otchuka chonchi opanda pokhala. Enanso anathandiza ndi mafoni. Condoleezza Rice, yemwe anali nduna yoona za ubale ndi mayiko ena, analankhulira Stanford, ndipo George W. Bush analankhulira SMU, komwe mkazi wake anaphunzira komanso komwe kuli nyumba yosungira mbiri ya utsogoleri wake. Mafoni a anthu otere amachititsa kuti chansala asatseke nkhani msanga. Sindikhulupirira kuti anasintha voti ndi imodzi yomwe.

Chomwe chinasintha zinthu ndi ichi. Stanford ndi Cal zinavomera kulandira 30 peresenti yokha ya gawo la kanema kwa zaka 7 zoyamba, 70 peresenti chaka cha 8, 75 peresenti chaka cha 9, ndipo gawo lathunthu chaka cha 10. SMU inavomera kusalandira kalikonse ka kanema kwa zaka 9. Mukachotsa zochepa zomwe awiri aja akutenga, patebulo pankatsala madola pakati pa 50 ndi 60 miliyoni pachaka. Zina n'zogawana mamembala akale, zina n'zolowa m'thumba lomwe ligi inavomereza mu May 2023 lopereka zambiri kwa matimu ochita bwino pa mipikisano ya kumapeto kwa chaka, thumba lomwe linakonzedwa pofuna kutonthoza Clemson ndi Florida State.

Ambiri atamva zaka 9 anati SMU yapenga. Kuti mumvetse, muyenera kudziwa komwe sukuluyi yachokera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 timu yake inali m'gulu la matimu oopsa m'dziko muno. Mu 1987 bungwe loyang'anira masewera a mayunivesite la NCAA linailetsa kusewera chaka chathunthu chifukwa anthu olemera oikonda ankalipira osewera mobisa, ndipo sukuluyo inadumphanso 1988. Ligi yake ya Southwest Conference itatha mu 1996, Texas, Texas A&M, Texas Tech ndi Baylor zinapita ku Big 12, SMU n'kutsala. Inayendayenda m'maligi ang'onoang'ono: mu WAC, mu Conference USA kuyambira 2005, ndi mu American kuyambira 2013. Mu 2016 inali pakati pa masukulu omwe anakadzigulitsa pamaso pa Big 12, ligiyo n'kumaliza osatenga aliyense. Mu 2021 Big 12 inatenga BYU, Cincinnati, Houston ndi UCF. Sinkafuna SMU chifukwa dera la Dallas inali nalo kale kudzera mu TCU ya ku Fort Worth, pomwe ACC inalibe phazi mu Texas monse.

Tsono masamu ake, ndikawalemba monga ndingalembere bwana wanga, si amisala konse. Ndalama yomwe SMU inakana sinali m'thumba mwake chiyambire. Yomwe inataya zenizeni ndi ya kanema ya mu American, pafupifupi madola 7 miliyoni pachaka. Mpata umenewo ndi waung'ono kwa sukulu yomwe ophunzira ake akale ndi eni makampani a mafuta ndi nyumba mu Dallas. Wapampando wa bodi yake nthawiyo, David Miller, ndi mmodzi wa iwo, ndipo voti itachitika, sukuluyo inalengeza kuti m'masiku 7 okha yasonkhanitsa madola 100 miliyoni kuchokera kwa anthu ochepa chabe. Mpandowu unagulidwa, ndipo ogulawo sanabise. Oregon State ikanatha kulonjeza chimodzimodzi pakamwa, koma ndi ngongole ya bwalo latsopano komanso popanda anthu olemba macheke otere, sikanapirira zaka 9 popanda ndalama ya kanema.

Pepala latsopanoli litafika, NC State ya ku Raleigh, pansi pa chansala Randy Woodson, inasintha n'kuvomera. Madzulo a tsiku loti mawa lake avota, wapampando wa bodi ya North Carolina ndi wachiwiri wake anatulutsa chikalata chotsutsa, koma chinafika mochedwa. Masukulu awiriwa ndi a boma limodzi ndipo atalikirana makilomita pafupifupi 40 okha, koma tsogolo lawo si limodzi. North Carolina ili ndi dzina lomwe Big Ten kapena SEC ingalifune, pomwe NC State ilibe chitsimikizo chimenecho, choncho ACC yolimba ndi yomwe ikuisunga. Kumayambiriro kwa 2024 bodi yoyang'anira mayunivesite onse a boma la North Carolina inakhazikitsa lamulo loti sukulu yake iliyonse yofuna kusintha ligi iyambe yapempha chilolezo kumeneko.

Aka sikanali koyamba kuti voti imodzi ya sukulu ya boma isankhe membala wa ACC. Mu 2003 ligiyi inali ndi mamembala 9, pofunika mavoti 7, ndipo inkafuna Miami, Syracuse ndi Boston College. Duke ndi North Carolina zinakana, zomwe zinasiya mphamvu yonse m'manja mwa University of Virginia. Bwanamkubwa wa Virginia, Mark Warner, ndi andale anzake sanafune kuti Virginia Tech itsale mu ligi ya Big East yomwe ikuphwasuka, ndipo anapanikiza yunivesite yawo kuti isavomere pokhapokha Virginia Tech ilowe. Zinatero. Virginia Tech, yomwe masabata ochepa m'mbuyomo inali pakati pa osumira ACC, inalowa limodzi ndi Miami mu 2004. Boston College inatsatira mu 2005, ndipo Syracuse, yomwe akuluakulu a ligi anali ataiyendera kale, inadikira mpaka 2013.

Zomwe sizioneka pa tsiku lovota

Apa ndiye pa ntchito yanga. Timu ya mpira wachimereka imasewera kamodzi pasabata, masewera akoyenda a mu ligi ndi anayi kapena asanu pachaka, ndipo imayenda pa ndege yobwereka. Imanyamuka Lachisanu n'kubwerera Loweruka usiku. Kwa iyo mtunda wa makilomita oposa 4,000 kuchokera ku San Francisco kupita ku Boston kapena Miami ndi maola owonjezera m'ndege basi. Tsono tsegulani tsamba la timu ya atsikana ya volebo. Amasewera Lachisanu ndi Lamulungu. Popita kum'mawa amataya maola atatu pa wotchi kuwonjezera pa maola asanu kapena asanu ndi limodzi a m'mwamba, choncho kunyamuka Lachinayi madzulo sikutheka. Ndikamadzaza tsamba ngati limeneli, pali mzere wa matikiti, wa hotela, wa chakudya, wa basi, ndipo kumapeto kuli mzere waung'ono wa makalasi ojombedwa. Mzere umenewu ulibe chizindikiro cha dola, ndipo ndi womwe umafufutidwa poyamba tsamba likamafupikitsidwa kuti likwane pa pepala limodzi la bodi. Mwana wophunzira sayansi yemwe labu yake ili Lachinayi masana sangaichitire pa laputopu ali pabwalo la ndege.

Stanford ili ndi masewera 36, Cal pafupifupi 30, ndipo kwa zaka 25 zotsatizana Stanford inkatenga chikho choperekedwa kwa sukulu yochita bwino pa masewera onse pamodzi. Ambiri mwa ana amenewa sabweretsa ndalama ya kanema, koma ndi amene akulipira mtunda. Ligi inayesetsa kuchepetsa vutoli. Masewera monga kusambira, gofu ndi kuthamanga sadalira kwambiri ndondomeko ya ligi, ndipo pa basketball ndi volebo amaphatikiza masewera awiri paulendo umodzi. N'chifukwa chakenso Stanford ndi Cal zinayenera kulowa limodzi. Zili m'mbali ziwiri za nyanja yomweyo, ulendo wa ola limodzi pa basi, choncho timu yochokera ku Virginia imakwera ndege kamodzi n'kusewera kawiri. Sukulu imodzi yokha kumadzulo ikanakanidwa ndi aliyense wolemba bajeti.

Kwa ESPN mtunda womwewo ndi phindu. Masukulu a ku California amadzaza nthawi ya usiku kwambiri, masewera a kum'mawa atatha. Pa 5 October 2024 Miami inasewera ndi Cal ku Berkeley. Pulogalamu ya ESPN ya College GameDay inafika kumeneko koyamba, ana asukulu n'kudzaza bwalo kukadali mdima, chifukwa imayamba 6 koloko m'mawa pa nthawi yawo. Masewera anayamba cha m'ma 7:30 madzulo, pomwe ku Miami inali 10:30 usiku. Miami inali kumbuyo 35 kwa 10, n'kupambana 39 kwa 38, kwawo nthawi itadutsa 2 koloko m'bandakucha. Masewera otere ndi omwe kampani inalipirira. Kuwonjezera apo, ACC Network imalipiritsa mtengo wokwera m'madera omwe muli membala wa ligi, ndipo California ndi Texas ndi madera awiri okhala ndi anthu ambiri m'dziko lonse.

Kwa Cal, 30 peresenti inali yowawa kuposa kwa Stanford, yomwe ndi sukulu yoima payokha yokhala ndi chuma chambiri. Cal ndi ya boma ndipo ili ndi ngongole yoposa madola 400 miliyoni ya ntchito yokonza bwalo lake la Memorial, lomwe linamangidwa pamwamba pa mng'alu wa chivomezi. Ntchitoyo inatha mu 2012. Bodi ya University of California, yomwe imayang'anira Cal ndi UCLA zonse, inagamula mu May 2024 kuti UCLA izipereka kwa Cal madola 10 miliyoni pachaka kwa zaka zitatu, poti kuchoka kwake ndi komwe kunayambitsa kugwa kwa Pac-12. Ndiye kuti gawo lina la mtengo wa Cal wolowera mu ACC likulipiridwa ndi ndalama za Big Ten.

Pambuyo pake

Atatuwa analowa mu 2024. SMU, yomwe inalowa yosalandira kanthu, inapambana masewera ake onse 8 a mu ligi chaka choyamba, n'kugonja kwa Clemson 34 kwa 31 mu fainolo, ndipo inalowabe mu mpikisano wa matimu 12 olimbirana chikho cha dziko lonse, komwe Penn State inaitulutsa. Florida State, yomwe inkati ndi yoyenera gawo lalikulu, inapambana masewera awiri okha pa 12 chaka chimenecho. Izi zinaseketsa anthu, koma sizisintha masamu, chifukwa makampani amagula chiwerengero cha oonera pa zaka zambiri, osati zotsatira za chaka chimodzi.

Oregon State ndi Washington State zinapita kukhoti mu September 2023, m'boma laling'ono la Whitman komwe kuli Pullman, ndipo zinapatsidwa ulamuliro wa Pac-12 ndi chuma chake. NCAA imapereka zaka ziwiri kuti ligi yopunguka ikwanitsenso mamembala 8 osewera mpira wachimereka. Apa okanidwa aja anasanduka osankha, ndipo anasankha mofanana ndi mmene iwo anasankhidwira. Pa 12 September 2024 anatenga Boise State, Colorado State, Fresno State ndi San Diego State ku Mountain West, ligi yomwe inali itangowathandiza ndi masewera a chaka chimenecho, n'kusiya masukulu monga Wyoming ndi New Mexico. Utah State inatsatira, kenako Gonzaga chifukwa cha basketball, ngakhale ilibe timu ya mpira wachimereka ndipo siwerengedwa pa 8 paja. Wokwanitsa chiwerengero anali Texas State, mu June 2025, sukulu yomwe ili kutali ndi ena onse koma ili mu Texas.

Ndalama zatsopano zija sizinatonthoze okana. Florida State inasumira ACC pa 22 December 2023, Clemson mu March 2024. Milanduyi inatha ndi mgwirizano mu March 2025, ESPN itatsimikiza kale kuti ipitirira mpaka 2036. Mu mgwirizanowo 60 peresenti ya ndalama za kanema izigawidwa potengera kuchuluka kwa anthu oonera sukulu iliyonse, zomwe zikuthetsa mwambo wakale wogawana mofanana. Chindapusa chotulukira chinaikidwa pa madola 165 miliyoni mu 2026, kumatsika ndi 18 miliyoni chaka chilichonse mpaka kufika 75 miliyoni mu 2030 ndi 2031, ndipo wotulukayo azipita ndi ufulu wake wa kanema.

Ndikanakhala kuti ndikulembera bodi ya Cal kapena Stanford, ndikanaika zaka ziwirizi moyandikana. Chaka cha 10, pomwe masukuluwa ayambe kulandira gawo lathunthu, ndi 2033 mpaka 2034. Chitseko chotulukira chikutsika mtengo zaka zitatu izi zisanachitike, nthawi yomwenso mgwirizano wa kanema wa Big Ten, wotha mu 2030, ndi wa Big 12, wotha mu 2031, udzakhale ukukambidwanso. Masukulu omwe amakoka oonera ambiri mu ACC akadzachoka nthawi imeneyo, Stanford ndi Cal zidzakhala zitapirira zaka zonse za 30 peresenti n'kupeza kuti gawo lathunthulo lachepa, ndipo ngakhale atapanda kuchoka, kagawidwe katsopano kotengera oonera sikakomera masukulu omwe mabwalo awo sadzaza. Mu August 2023 analibe njira ina yabwinopo, ndipo ndikanawalangiza kuti asaine. Koma mu bajeti ya zaka 10 sindikanalemba gawo lathunthulo ngati ndalama yodalirika, ndipo mapangano a ndege ndi mahotela a kum'mawa ndikanawasainira zaka zosapitirira 2030.